Bambo Mfumu sanalakwe kukaniza uthengawo ku Mphakati

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene Bambo Mfumu anakukanizirani kuwerenga ku Mphakati uthenga umene ukuzungulira pa WhatsApp, woti Amayi Maria aonekera munthu wina kunja ndipo akuchenjeza kuti dziko latsala pang'ono kutha. Mwafunsanso ngati ansembe a masiku ano anasiya kuwakonda Amayi Maria. Pepani, koma ineyo ndili mbali ya Bambo Mfumu.

Mpingo sunayambe lero kuchedwa pa nkhani zimenezi. Mtsikana wina dzina lake Bernadette anaona Amayi Maria ku Lourdes, m'dziko la France, mu 1858, koma episkopi wa ku Tarbes anavomereza mu 1862. Ku Fatima, m'dziko la Portugal, zinachitika mu 1917, chivomerezo chinadza mu 1930. Ku Kibeho, m'dziko la Rwanda, zinayamba mu 1981, Episkopi Augustin Misago n'kudzavomereza mu 2001, patapita zaka 20. Ndipo mwa anthu onse amene ankati akuona masomphenya kumeneko, iye anavomereza atsikana atatu okha. Enawo anawasiya, ngakhale nawonso anali ndi makamu owatsatira.

Chimene chimandichititsa mantha ine ndi cha ku Uganda. Credonia Mwerinde ndi Joseph Kibwetere ankanena kuti Amayi Maria amawayankhula. Anthu amene anawatsatira sanali achikunja ayi, ambiri anali Akatolika onena korona tsiku ndi tsiku, ndipo m'gululo munali ngakhale ansembe amene anapandukira aepiskopi awo. Anauzidwa kuti dziko litha, anagulitsa minda ndi ziweto n'kupereka ndalama kwa atsogoleri. Tsiku limene ankati dziko litha litadutsa dzuwa likutulukabe, ena anayamba kufunsa za chuma chawo. Pa 17 March 2000 anthu oposa 500, ana omwe, anapsera m'tchalitchi chawo ku Kanungu, ndipo mitembo ina inadzapezeka itakwiriridwa m'malo ena a gululo. Ndiye mukamva wansembe akuti "dikirani kaye", dziwani kuti iye akukumbukira zinthu ngati zimenezi.

Wina mwa ife pano watchula za masomphenya a ku Medjugorje, m'dziko la Bosnia ndi Herzegovina, akuti nanga si Roma inavomereza. Apa tisamale. Mu September 2024 Vatican inalola anthu kupita kukapemphera kumeneko chifukwa cha zipatso zabwino, monga kulapa ndi kubwerera ku masakramenti, koma sinanene kuti Amayi Maria anaonekeradi kwa achinyamata asanu ndi mmodzi amene ankati anawaona kumeneko mu 1981. Malamulo atsopano amene anatuluka mu May 2024 akuti episkopi asamalengezenso yekha kuti masomphenya akuti ndi ochokera kwa Mulungu. Angathe kunena kuti palibe choletsa, kapena kuchenjeza, kapena kuletseratu, ndipo ayenera kumvana ndi Roma asanayankhule. Kukana kumachitikadi: mu March 2024 episkopi wa ku Civita Castellana, ku Italy, ananenetsa kuti za ku Trevignano, kumene ankati chiboliboli cha Amayi Maria chikulira misozi ya magazi, si zochokera kumwamba.

Chinanso chimene ambiri timaiwala, Katekisimu wa Mpingo pa nambala 67 amati masomphenya a munthu payekha sali gawo la chikhulupiriro chimene tinalandira kwa Atumwi. Ngakhale Fatima imene, palibe amene angakukanizeni Ukaristia chifukwa choikayikira. Nanga uthenga wopanda dzina la dayosizi, wongoti "tumizani kwa anthu khumi musanagone", ungatimange bwanji? Ine ndikangoona mawu amenewo ndimadziwiratu kuti mwini wake akufuna kutiopseza. Amayi Maria amene timawadziwa pa ukwati wa ku Kana anangoti tichite zimene Mwana wawo atiuze.

Korona pitirizani kunena ku Mphakati, Bambo Mfumu sanaletse zimenezo. Koma amene anakutumizirani uthengawo mumufunse kuti zinachitikira m'dayosizi iti, ndipo episkopi wa kumeneko wanenapo chiyani. Akakuuzani dzina la malowo mudzalilembe pano, tidzafufuzire limodzi.