Kodi bizinesi yosefa madzi amchere ingandipindulire?

Funso: Ndimakhala ku Nchalo, ndipo madzi a pamjigo wathu ndi amchere. Ndikufuna kutenga ngongole yogulira makina ochotsa mchere m'madzi a reverse osmosis kuti ndizigulitsa madzi m'zigubu za malita 20. Kodi ndingapindule?

Yankho: Mayi, msika ulipo, chifukwa mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere. Koma musanasaine ngongoleyo, kayezetseni madziwo, popeza kuchuluka kwa mchere ndiko kumene kudzakuuzeni makina oyenera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati madzi akapyola mamiligalamu 1,000 a mchere pa lita imodzi amayamba kuvuta kumwa. Madzi anu akanakhala ongodetsedwa ndi matope ndi tizilombo, sefa yotsika mtengo ya ultrafiltration ikanakwanira, koma sefa imeneyi sichotsa mchere.

Chimene chimagwetsa ambiri pa malonda amenewa n'chakuti amawerengera mtengo wa makina okha. Mtima wa makinawo ndi kansalu kopyapyala kotchedwa membrane, kamene pampu imakankhirapo madzi mwamphamvu kuti mchere utsalire. Kansaluka kamatha pakapita zaka zochepa, ndipo kamawonongeka msanga ngati matope kapena klorini zikukafika, choncho masefa akutsogolo muziwasintha pafupipafupi. Zonsezi zimachokera kunja, ndipo mukumbukire kuti kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wotere anakwera mtengo nthawi yomweyo. Ine ndimalangiza kuti pa chigubu chilichonse chimene mwagulitsa muzipatulapo ndalama ya membrane yatsopano, ndipo ndalamayo isamakhudzidwe ngakhale pagwe zotani.

Dziwaninso kuti si madzi onse olowa m'makina amene mudzagulitse. M'makina ang'onoang'ono, theka kapena kuposerapo limatuluka ngati madzi otsalira okhala ndi mchere wochuluka zedi, amene mukawathira m'dimba adzawononga nthaka, ndiponso mudzakhala mutalipira kale magetsi owapopera. Funsani wogulitsa kuti pa malita 100 olowa, abwino amatuluka angati, ndipo akulembereni yankholo. Magetsi akazima pampu imaima, choncho muwerengerenso mtengo wa sola.

Pa za malamulo, mudzafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, komanso chilolezo cha National Water Resources Authority chotungira madzi ochitira malonda. Mukaphatikiza ndalama zimene zonsezi zingafune pa mwezi, gawani ndi zigubu zimene mungagulitse pa mwezi wa mvula, pamene anthu amakinga madzi a padenga. Ngati mtengo wa chigubu ukupyola umene anthu a ku Nchalo angakwanitse, ngongoleyo musaitenge.