Yankho kwa amene mwafunsa za kulumikiza mapateni pa sequencer

Achimwene, mwafunsa sequencer (makina osanjira ndi kuliza nyimbo) imene mungagule kuti muzibwereza pateni (kachigawo kakafupi ka nyimbo) imodzi kenako n'kuilumikiza ndi ina poyimba pagulu, komanso mmene mungajambulire nyimbozo pa kompyuta. Ine ndiyankha funso loyambalo, chifukwa ndi limene linandichititsa manyazi. Amene akuuzani kuti mungotenga laputopu ayankha funso limene simunafunse.

Musanapereke ndalama, fufuzani ngati makinawo amasunga dongosolo la mapateni mukawazimitsa. Makina ambiri amasunga pateni iliyonse payokha, koma mndandanda umene mwalumikiza, umene amautcha chain, pa makina ena umakhalapo pokhapokha akadali oyaka. Ine ndinabwerekapo makina otere kwa mnzanga pokonzekera ukwati wina. Ndinachezera usiku kusanja mapateni 12 a nyimbo yolowera aperekezi, ndipo m'mawa ndinanyamula makinawo ndi mtima pansi, ndinasanjanso mapateniwo pa holo, n'kusiya makina oyaka. Magetsi anathima aperekezi ali kale pakhomo. Jenereta italira, mapateni onse analipo koma dongosolo lawo linali litafufutika, moti pateni yoyamba yokha ndi imene inkazungulira, ana aja n'kumaponda sitepe imodzimodziyo akundiyang'ana, kudikira kusintha kumene sikunabwere.

Kuchokera tsiku limenelo ndimagwiritsa ntchito Novation Circuit Tracks, imene inatuluka mu 2021. Ili ndi batire la mkati lotha kupirira pafupifupi maola 4, ndipo kwa munthu woyimba kwathu kuno chimenechi n'chachikulu kuposa mabatani onse okongola aja. Track iliyonse (mzere wa chida chimodzi, monga ng'oma kapena besi) ili ndi mapateni 8, iliyonse yofika masitepe 32 (timagawo ta nthawi timene mumaikapo mawu), choncho mukalumikiza onse mumapeza masitepe 256. Kulumikiza kwake n'kosavuta: mumagwira batani la pateni yoyamba, n'kudina la pateni yomaliza, ndipo onse a pakatipo amayamba kulira motsatizana mpaka kubwereranso poyambira. Chenjezo ndi lakuti mapateniwo ayenera kukhala oyandikana. Simungachoke pa 1, kulumphira pa 5, n'kubwerera pa 2, kotero ngati kolasi ikubwera kawiri, muikopere pamalo awiri kapena mugwiritse ntchito ma Scene, amene alipo 16 ndipo amasunga mmene mwalumikizira track iliyonse. Ngakhale zili choncho, mudine Save musanazimitse.

Mtengo wake kunja unali pafupifupi madola 400 mu 2021, osawerengera katumizidwe ndi msonkho. Wina mwa amene akuyankhani watchula Elektron Digitakt ya mu 2017. Ndi makina abwino, a mapateni 128 pa project imodzi, koma mtengo wake unali pafupifupi kawiri, ndipo song mode, imene imasunga ndondomeko ya nyimbo yonse, inabwera mu 2022 ndi pulogalamu ya 1.40. Mukagula yakale kwa munthu, muone kaye kuti muli pulogalamu iti.

Chinanso chimene chimasokoneza oyamba kumene ndi nthawi yosinthira. Mukadina pateni yatsopano, makina sasintha pomwepo, amadikira kuti imene ikulirayo ifike kumapeto. Wosadziwa amaganiza kuti batani silinagwire, amadinanso lina, ndipo amathera pa pateni yolakwika woyimba atatsegula kale pakamwa. Zolowerani kudina kutatsala pang'ono kuti pateni ithe, kenako chotsanipo chala. Pa Circuit Tracks, kugwira Shift podina kumasintha nthawi yomweyo, koma zimenezi zimafuna khutu lakuthwa.

Popeza mwanena kuti mumayimbanso manganje, dziwani kuti makinawa amabwera atatcheredwa pa masitepe 16, pamene kagundidwe ka ng'oma zathu zambiri kamayenda mwa zitatuzitatu ndipo kamakhala bwino pa masitepe 12 kapena 24. Mukafupikitsa pateni ya ng'oma kufika pa 12, mufupikitsenso ya besi. Mukaisiya pa 16 pa liwiro lomwelo, ziwirizi zimangokumana poyambira pakatha masitepe 48, ndipo mu chain kutsetsereka kumeneku kumachititsa kuti ng'oma za kolasi zilowe besi ikadali pa vesi. Yesani chain yonse kunyumba kuyambira poyamba mpaka pomaliza, muzimitse makina, muwayatsenso, ndipo muone ngati zonse zabwerera mmene munazisiyira.