Magetsi a sola apamsika akuthima usiku usanafike pakati

Funso: Bambo katswiri, ndine mlembi wa komiti ya msika m'tauni ina kuno kumwera. Zaka ziwiri zapitazo tinasonkherana n'kugula magetsi a sola asanu ndi limodzi, tinawaika pamapolo mozungulira msika ndi pasiteji ya akabaza. Poyamba ankayaka mpaka kucha. Pano anayi amathima cha m'ma 10 koloko usiku, limodzi linafa kalekale, lina anthu anaba batire. Tikufuna kusonkhanso koma anthu akukana, akuti sola ndi kutaya ndalama, bola kudikira a ESCOM. Kodi n'zoona kuti magetsi a dzuwa satheka m'misewu?

Yankho: Ndi batire, a mlembi. Musavutike ndi kukwera makwerero kukasintha mababu, babu la LED silifa msanga chonchi. Getsi loyaka bwino madzulo n'kuthima 10 koloko ndaliona kambirimbiri, ndipo pafupifupi nthawi zonse batire ndi lomwe latopa, kapena linali laling'ono kuyambira tsiku logula.

Pezani multimeter, kamita koyezera mphamvu ya magetsi, ngakhale yobwereka kwa okonza mawailesi. Mudzuke m'bandakucha, dzuwa lisanatuluke, muyeze batire pamitu pake penipeni. Ndikubwereza: dzuwa lisanatuluke. Ambiri amayeza masana, mita n'kuonetsa 13V kapena kuposa, iwo n'kumati batire lili bwino. Imeneyo ndi mphamvu ya panelo yomwe ikulowa, si ya batire. Batire lakufa limakwera msanga likaona dzuwa, limatsikanso msanga mdima ukagwa, ngati chidebe chobooka. Batire la asidi la 12V lodzadza limaonetsa cha m'ma 12.7V likapumula. Likafika 12.1V ndiye kuti latha theka, ndipo pamenepo ndi pomwe liyenera kulekezera. Mukapeza latsika kufika pa 11 ndi kadontho m'mawa uliwonse, mukulipha tsiku ndi tsiku. Muyezenso madzulo, getsi litangoyaka kumene, muone mmene nambala ikugwera m'mphindi khumi zoyambirira. Ikagwa ngati mwala, batire lapita. Ikakhala yotsika kale getsi lisanayake, ndiye kuti masana silikudzadza, muyang'ane kumwamba kupanelo. Lembani manambalawa m'kope masiku atatu otsatizana, polo iliyonse payokha. Ngati mabatire anu ndi a lithiamu manambala ake ndi ena, mundiuze.

Za panelo sindichulutsa. Iyang'ane kumpoto, poti ife tili kumwera kwa equator, ipendekeke pang'ono kuti mvula izitsuka. Fumbi la Okutobala ndi zitosi za mbalame zimadya mphamvu yambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti chiikireni palibe anapukutapo. Mtengo wa mango umene unali waufupi zaka ziwiri zapitazo muuonenso.

Tiyeni tiwerengetsere. Getsi la 30W loyaka maola 11 limadya 330Wh (30 kuchulukitsa ndi 11) usiku umodzi, pa 12V ndi pafupifupi 28Ah (Ah ndi muyezo wa magetsi amene batire limasunga). Poti batire la asidi sitilitsitsa kupyola theka, mukufunika la 55Ah pa usiku umodzi wokha. Ndiye kwanuko kumwera, Juni ndi Julayi chiperoni chikakuta masiku atatu dzuwa osaoneka, muchulukitse katatu. Panelo yake isachepere 100W. Tsopano kayang'aneni zimene munagula. Zotchipa zija zimalembedwa 200W kapena 300W pakatoni, koma panelo yake ngati thireyi ya tiyi, mkati timabatire tingapo tangati ta tochi. Zimandikwiyitsa, chifukwa zimenezi ndi zomwe zikuipitsa mbiri ya sola. Mukamagula funsani Ah ya batire ndi W ya panelo. Wogulitsa akayamba kuzungulira, tulukani. Batire la lithiamu lotchedwa LiFePO4 ndi lodula koma limapirira kutsitsidwa kwambiri ndipo limakhala zaka zochuluka kuposa la asidi. Controller, yomwe ndi kabokosi kolamulira kuchajidwa kwa batire ndi kuyaka kwa getsi, ikhale yoti imachepetsa kuwala pakati pausiku, msika ukatsekedwa.

Anthu anu sakudana ndi sola ayi, akudana ndi kulipira kawiri. Amayi ogulitsa tomato madzulo ndi akabaza amadziwa bwino phindu la kuwala. Akuti tidikire ESCOM akumbukire 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira dziko n'kutaya pafupifupi 130MW: magetsi a mumsewu a pagiridi ya ESCOM amathima limodzi ndi tauni yonse, komanso pamakhala bilu mwezi ndi mwezi. Cholakwika chanu chinali kusonkhera kugula kokha, osasiya kathumba ka batire, pamene batire la asidi pantchito yotere likatha zaka ziwiri kapena zitatu ndiye latha basi.

Musapemphe ndalama za mapolo onse. Konzani awiri okha ndi zida zenizeni, apasiteji ndi apakhomo la msika, anthu awaone akuyaka mpaka kucha nyengo yonse ya chiperoni. Batire likhale pamwamba pa polo m'bokosi lowotcherera, osati pansi pomwe wakuba amangofika ndi sipanala. Polo iliyonse muipatse mwini wake, wa golosale kapena wa shopu yapafupi, ndipo musalozetse getsi pazenera la munthu wogona, amalitema ndi mwala. Kukhonsolo mukadziwitse musanakumbe m'mbali mwa msewu.

Manambala a m'bandakucha aja mukawalemba munditumizire, pamodzi ndi zomwe zalembedwa kuseri kwa panelo.