Ndalama za asilikali: kodi aphungu ali ndi ufulu wofunsa?

Ndalandira imelo yochokera kwa mmodzi mwa inu owerenga, bambo wina wokhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Dzina ndasunga monga adapemphera. Akuti mng'ono wawo ndi msilikali ndipo adapitako ku DRC kukasungitsa mtendere. Chimawapweteka mtima ndi kumva anthu pa wailesi akunena kuti ndalama zopita ku chitetezo zimasakazidwa komanso kuti aphungu azizifufuza. Mafunso awo ndi atatu. Kodi kufunsa zotere si kunyoza anyamata amene amaika moyo wawo pachiswe? Nanga zinsinsi za dziko zikafika ku Nyumba ya Malamulo, adani sadzatidziwa? Ndipo aphunguwo ali ndi mphamvu yanji pa nkhani za asilikali?

Achimwene, zikomo polemba, ndipo nkhawa yanu ndaimva. Ndiyamba ndi funso lomalizalo chifukwa yankho lake lidalembedwa kale m'malamulo. Mphamvu ali nayo. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 162, adakhazikitsa komiti ya aphungu yoona za chitetezo, yokhala ndi mamembala ochokera m'zipani zimene zili m'Nyumbayo malinga ndi kuchuluka kwa mipando yawo. Komitiyi ingathe kukumana ngakhale Nyumba ili pa tchuthi. Amene adalemba malamulowa anali atangotuluka m'nthawi ya chipani chimodzi, atadzionera okha gulu la Malawi Young Pioneers likusunga mfuti popanda womufunsa, mpaka asilikali adalilanda zida mu Disembala 1993. Adafuna kuti aliyense wonyamula mfuti ya boma aziyankha kwa anthu osankhidwa ndi mavoti. Kuwonjezera apo, palibe tambala yoyenera kutuluka m'thumba la boma popanda chilolezo cha malamulo ovomerezedwa ndi aphungu, ndipo gawo 184 limapatsa mkulu wolondoloza chuma cha boma, Auditor General, ntchito yolondoloza mabuku a boma ndi kupereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo. Lipotilo limakafika ku PAC, komiti ya aphungu yoona mmene ndalama za boma zagwiritsidwira ntchito, imene mwa chizolowezi imatsogozedwa ndi phungu wa mbali yotsutsa. Ndalama za ku Kamuzu Barracks, Cobbe, Moyale ndi MAFCO ku Salima ndi msonkho womwewo umene mumadulidwa inu pogula shuga ndi mayunitsi.

Pa za chinsinsi, mbali ina mukunena zoona. Kumene asilikali akayime usiku, zipolopolo zimene zatsala m'nkhokwe, njira zolumikizirana pa nkhondo, zimenezi si zolengeza pa wailesi, ndipo ine sindingagwirizane ndi phungu wofuna kuziulula. Koma mtengo wa nsapato za jombo si chinsinsi cha nkhondo. Mtengo wa chakudya cha m'mapaketi, wa mafuta a galimoto, wa simenti yomangira nyumba za asilikali, mdani sapindula kanthu akaudziwa. Ngakhale zogula zimene zilidi zachinsinsi, komiti ingathe kuziona pa msonkhano wotseka zitseko, atolankhani ali panja. Chobisira anthu onse chilipo, koma chobisira ngakhale aphungu ochepa ndi olondoloza chuma sichiyenera kukhalapo. Zimene dziko lino ladutsamo zikuonetsa kuti mawu oti "chitetezo cha dziko" akhala akuphimba zinthu zimene sizikhudzana ndi chitetezo m'pang'ono pomwe.

Mukukumbukira Cashgate. Idaphulika mu Seputembala 2013 atawombera a Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti, pa geti la nyumba yawo ku Area 43. Lipoti la kampani ya Baker Tilly la mu Febuluwale 2014 lidapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi 6 yokha, zambiri zitalipiridwa kwa makampani amene sadapereke katundu aliyense. Nkhaniyo sidathere ku Capital Hill. Mu 2015 bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB lidamanga ena mwa amene adatsogolerapo gulu la asilikali pa mlandu wokhudza ndalama pafupifupi K2 biliyoni zolipiridwa pa katundu amene ankati sadafike.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya ndege ya Pulezidenti, chifukwa imasonyeza mmene Nyumba ya Malamulo ingalambalalidwire dzuwa likuswa mtengo. Ndegeyo, ya mtundu wa Dassault Falcon, idagulidwa mu 2009 m'nthawi ya a Bingu wa Mutharika, ndipo Britain idadula chithandizo pokwiya nayo. Boma la mayi Joyce Banda lidaigulitsa mu 2013 pa madola 15 miliyoni a ku America kwa kampani ya Bohnox Enterprises. Amalawi adauzidwa kuti ndalamazo zithandiza pa zinthu monga kugula chimanga. Pambuyo pake zidadziwika kuti Bohnox ndi yogwirizana ndi Paramount Group, kampani yogulitsa zida ya ku South Africa imene boma lidapangana nayo mgwirizano wa madola 145 miliyoni, wokhudzanso maboti olondera pa nyanja panthawi imene mkangano wathu ndi Tanzania udatentha. Mu 2014 nduna ya zachuma idavomera kuti ndalama za ndegeyo sizidalowe mu Account Number One, thumba lalikulu la boma, koma zidadulidwa pa ngongole ya zidayo. Taganizani bwino pamenepa, achimwene. Katundu wa Amalawi wagulitsidwa, ndalama sizidafike m'thumba limene aphungu amaliyang'anira, ndipo zapita kukalipira ngongole imene anthu ambiri sankaidziwa. Kaya maboti aja anali ofunika kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ina. Mwina analidi ofunika. Koma ndi funso limene aphungu adayenera kulimva ndi kuliyankha ndalama zisadasunthe. Boma lotsatira la a Peter Mutharika lidati mgwirizanowo ndi wokwera mtengo kwambiri, nkuyamba kukambirananso ndi kampaniyo, koma apo nkuti dziko litadzimanga kale.

Kenako kudabwera nkhani ya mkulu wa bizinesi, a Zuneth Sattar. Mu Juni 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza mtundu wa Amalawi zimene zinali mu lipoti la ACB: kuti pakati pa 2017 ndi 2021 gulu la asilikali ndi la apolisi adapereka makontirakiti 16 a ndalama zoposa madola 150 miliyoni kwa makampani 5 a mkuluyo. Adatchulanso za galimoto yaikulu imene pa msika imagulidwa madola 200,000 koma boma lidaigula pa madola oposa 1.7 miliyoni. Anthu otchulidwa adakana milanduyi, ndipo ine sindine woweruza. Chimene ndikufuna muone ndi chakuti fungo la nkhaniyi lidayamba kumveka kwambiri chifukwa cha apolisi a ku Britain a National Crime Agency. Zaka zonsezo bajeti inkadutsa m'Nyumba ya Malamulo ku City Centre chaka ndi chaka. Ndipo mlandu wa malemu a Saulos Chilima, amene anali wachiwiri kwa Pulezidenti ndipo ankazengedwa pa nkhani yomweyi ya a Sattar, utafika ku khoti, mkangano waukulu udali pa zikalata za misonkhano ya khonsolo ya akuluakulu a chitetezo, Defence Council, zimene a chitetezo ankati siziyenera kutuluka. Mlanduwo udathetsedwa mu Meyi 2024 mboni zisadafotokoze nkhani yonse, motero Amalawi sadamve mathero ake, kaya owatsutsa kapena owayeretsa.

Tsopano ndibwerere kwa mng'ono wanu. Ndalama ikatayika pa galimoto yokwezedwa mtengo kasanu ndi katatu, wovutika si mkulu wa mu ofesi. Wovutika ndi msilikali wamba ndi banja lake. Asilikali athu adamwalira 6 pafupi ndi Beni ku DRC mu Novembala 2018, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene bungwe la United Nations lidamupatsa mendulo ya ulemu waukulu chifukwa chofa populumutsa mnzake wa ku Tanzania. Ena 3 adamwalira mu Januwale 2025 pa nkhondo ya kufupi ndi Goma. Anthu otere ayenera kupita ku nkhondo ndi zida zabwino zogulidwa pa mtengo woona. Namondwe Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, asilikali athu adagwira ntchito yotamandika m'matope a ku Chilobwe ndi ku Mulanje, koma tidadalira mahelikopita ochokera ku Tanzania kuti tifikire anthu otsekeredwa. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa nkupha anthu 9, ndipo idapezeka mawa lake. Akatswiri a ku Germany a BFU adapeza kuti m'ndegemo mudalibe makina ojambula mawu ndi kayendedwe ka ulendo, komanso kuti batire la kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera lidatha mphamvu mu 2004. Sindikunena kuti batirelo ndilo lidagwetsa ndege, ayi, nyengo inali yoipa tsikulo. Ndikunena kuti m'dziko limene makontirakiti a madola mamiliyoni ankasainidwa, kachipangizo kakang'ono kopulumutsa miyoyo kadakhala kakufa zaka 20. Phungu wofunsa za zinthu zotere akumenyera nkhondo mng'ono wanu.

Si kusakaza konse kumene kuli kuba. Kwina kumachitika mapepala onse ali m'malo mwake, ndipo ndi matenda a boma lonse, osati a chitetezo okha. Katundu amagulidwa kudzera mwa dobadoba m'malo mopita kwa wopanga, ndipo dobadobayo amaikapo zake. Kontirakiti imaperekedwa kwa kampani imodzi popanda mpikisano ponena kuti nkhani ndi yachangu kapena yachinsinsi. Boma limachedwa kulipira, wogulitsa nkukasuma ku khoti, ndipo timadzalipira ngongole pamodzi ndi chiwongoladzanja. Makina amagulidwa popanda bajeti ya zipangizo zokonzera, akawonongeka amangokhala pabwalo nkumachita dzimbiri. Lamulo la zogulagula la PPDA la 2017 lidabwera kudzachepetsa zimenezi, koma lamulo silidziyendetsa lokha.

Nanga bwanji aphungu, okhala ndi mphamvu zonse zija, amalephera? Chifukwa chachikulu ndi kuchedwa. Malipoti a Auditor General nthawi zambiri amakambidwa patapita zaka, amene adasaina atasamutsidwa kapena atapuma pantchito, motero PAC imakhala ikutseka khola mbuzi zitadyedwa kale. Ikapereka maganizo ake, palibe chokakamiza kwenikweni kuti atsatidwe. China ndi chakuti pa chisankho chilichonse aphungu oposa theka sabwerera, ndiye amene adayamba kumvetsa mabuku a zida amachoka, atsopano nkuyambiranso. Makomitiwo alibe akatswiri okwanira odziwa mtengo weniweni wa galimoto ya nkhondo, ndipo ndalama zochitira misonkhano amazipempha ku Treasury, ku boma lomwelo limene akufuna kulifufuza. Palinso ulemu ndi mantha. Amalawi timakonda asilikali athu, ndipo pali chifukwa: adateteza malamulo mu Epulo 2012 a Bingu atamwalira, adatetezanso anthu pa zionetsero za 2019. Phungu safuna kuoneka ngati akulimbana ndi gulu lokondedwa chotere, ndipo wa chipani cholamula amaopanso kukhumudwitsa bwana wake, Pulezidenti, amene ndiyenso mkulu wa asilikali onse.

Vutoli si lathu lokha. Ku America, unduna wa chitetezo umalandira madola oposa 800 biliyoni pachaka, koma kuyambira 2018 pamene udayamba kulondolozedwa wonse, mpaka 2024 udalephera maulendo onse 7 kuonetsa mabuku olongosoka. Kusiyana kwake ndi kwakuti kulepherako kumalengezedwa, ndipo akuluakulu amaitanidwa kukayankha pamaso pa Congress, Nyumba ya Malamulo ya kumeneko. Dziko lomwelo mu 1941 lidakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Harry Truman yofufuza kusakaza ndalama za nkhondo, ndipo idagwira ntchito nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, popanda kugwetsa dziko. Phunziro loopsa lili kwa anansi athu a ku Mozambique. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu, ProIndicus, Ematum ndi MAM, adatenga ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni m'dzina la kulondera gombe ndi usodzi, boma likuimira ngongolezo popanda chilolezo cha aphungu. Zitaululika mu 2016, IMF ndi mayiko othandiza adaimitsa ndalama, ndalama yawo ya metical idagwa, ndipo amene adalipira ndi anthu wamba pa msika.

Ine ndikadakonda kuti kontirakiti iliyonse yaikulu ya chitetezo izionetsedwa kwa komiti ya aphungu isadasainidwe, ngakhale pa msonkhano wotseka zitseko, ndi kuti zogula wamba monga chakudya, yunifolomu, mafuta ndi zomangamanga zizilengezedwa poyera, mtengo ndi dzina la kampani. Komitiyo izipitanso kukaona ndi maso ngati katundu wolipiridwa adafikadi m'nkhokwe, osangokhulupirira mapepala.

Inunso muli ndi gawo lanu, achimwene. Chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndiye bajeti imakambidwa mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo miyezi yapatsogolo pake nduna ya zachuma imayendayenda kumva maganizo a anthu, kuno ku Lilongwe kuphatikizapo. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Lili ndi malire pa nkhani za chitetezo, komabe limakulolani kulemba kalata yofunsa. Ndipo phungu wa dera lanu mukakumana naye, mufunseni kuti komiti ya chitetezo idakumana liti, idapeza chiyani pa nyumba ndi zida za asilikali, ndipo lipoti lake lidafika liti m'Nyumba. Mundiperekere moni kwa mng'ono wanuyo ndi banja lake.