Andisankha kukhala msungichuma wa msonkhano wathu, ndisaine kontirakiti ya hotelo?

Funso: Ndimakhala ku Leeds. Ine ndi anzanga timakonda nkhani zopeka za sayansi, ndipo tikufuna kukonza msonkhano wathu wa masiku awiri chaka chamawa. Palibe wolipidwa, tonse ndife odzipereka. Andisankha kukhala msungichuma. Anthu 40 alipira kale ndipo ndalamazo zili mu akaunti yanga. Hotelo ikuti ndisaine kontirakiti sabata ino.

Yankho: Achemwali, cholemberacho chiikeni pansi kaye. Mukasaina m'dzina lanu, ngongole yonse idzakhala yanu nokha. Anthu akadzabwera ochepa, hotelo sidzafunafuna komiti, idzagogoda pakhomo panu.

Misonkhano yotereyi si yachilendo. Worldcon, msonkhano wa okonda nkhani zopeka za sayansi a padziko lonse, inayamba mu 1939 ku New York, ndipo mpaka lero imayendetsedwa ndi anthu odzipereka. Mzinda wa Glasgow waichititsa katatu, mu 1995, 2005 ndi 2024. Ku Britain kulinso Eastercon, yomwe imachitika nthawi ya Isitala. Okonza misonkhanoyi satchula ndalama yolowera kuti tikiti, amati umembala, ndipo mtengo wake umayamba wotsika n'kumakwera tsiku likamayandikira. Amatero kuti ndalama ya dipoziti ilowe msanga, komanso kuti adziwiretu kuchuluka kwa anthu. Inunso chitani chimodzimodzi.

Koma ngakhale akuluakuluwa anapsapo. Worldcon ya mu 1983 ku Baltimore inatha ndi ngongole, anthu atasangalala n'kubwerera kwawo. N'chifukwa chake nkhaniyi ndikuilimbikira.

Pamene pamagwetsa ambiri ndi pa zipinda zogona. Hotelo zambiri zimatsitsa mtengo wa holo ngati mwalonjeza kuti alendo anu adzadzaza zipinda zakutizakuti. Chiganizo chimenecho chimakhala m'kati mwa kontirakiti, m'malemba aang'ono. Tiyerekeze kuti mwalonjeza zipinda 50 koma zagonedwa 30. Zina mwa 20 zotsalazo mungazilipire ndinu, ngakhale munalibe munthu. Khalani pansi ndi manijala, muloze chiganizocho ndi chala, mumufunse tsiku lomaliza lomwe mungachepetse zipinda popanda chilango. Lonjezani zochepa. Kuwonjezera pambuyo pake sikuvuta.

Ndalama za anthu 40 zija zituluke mu akaunti yanu mwamsanga. Sindikukayikirani ayi, koma ndalama za gulu zikasakanikirana ndi zanu za lendi, ubwenzi umatha, monga mmene komiti ya ukwati imayambanirana pa zopereka zosalembedwa. Lembetsani gululo ku Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ngati company limited by guarantee (kampani yopanda masheya yomwe imasenza yokha ngongole zake), mutsegule akaunti yakeyake yofuna anthu awiri kuti ndalama ituluke, ndipo kampaniyo ndiyo isaine. Muonetsetsenso kuti hotelo isakulembeni inu ngati chikole.

Ndalama zimenezo musazione ngati phindu. Ndi za eni ake mpaka msonkhano utachitika, ndipo ukalephereka adzazifuna. Lemberanitu malamulo a kabwezedwe kake, aliyense awaone asanalipire.

Pa bajeti, werengerani anthu ochepa kuposa omwe mukuwayembekezera. Muikemo inshulansi ya ngozi za alendo, zokuzira mawu, ndi ulendo ndi chipinda cha mlendo wolemekezeka, pakuti mwambo wake ndi wakuti komiti imamulipirira zimenezi. Matebulo a ogulitsa mabuku amabweretsa kangachepe, musawadalire.

Hotelo muiuze kuti mudzayankha pakatha milungu itatu, komiti yonse ikawerenga kontirakitiyo tsamba ndi tsamba.