Mafunso Anu: Salisbury, Hatfield ndi maina ena osokoneza pa zikalata

Makalata ambiri a mwezi uno akukhudza maina achingelezi amene anatsalira pa zikalata zakale ndi pa zikwangwani za mu Harare muno. Tasankhapo asanu, tawafupikitsa, ndipo maina a olemba tawasunga.

Akonzi, ndinabadwira mumzinda uno mu 1961, makolo anga anachokera ku Dedza. Satifiketi yanga yobadwira inalembedwa "Salisbury, Southern Rhodesia" pomwe pasipoti ikuti Harare. Mwana wanga ali kunja ndipo akundiitana kuti ndikaone mdzukulu. Mnyamata amene amandilembera fomu ya viza pa intaneti anakopera za pa satifiketi, ndiye pa dziko lobadwira panatuluka United Kingdom. Ndingozisiya choncho? Mayi wa ku Mufakose

Ayi Mayi, fomuyo isapite ili choncho. Salisbury ya pa satifiketi yanu ndi Harare yomwe ino. Dzinali linasinthidwa pa 18 April 1982, dziko litakwanitsa zaka ziwiri lili pa ufulu. Satifiketi yanu ilibe cholakwa, inangolembedwa ndi maina a nthawi yake. Obadwa Rhodesia isanadzilengeze yokha ufulu mu 1965 ambiri ali ndi "Southern Rhodesia" ngati inu, obadwa pambuyo pake ali ndi "Rhodesia", ndipo pali ena obadwa pakati pa April 1980 ndi April 1982 amene zikalata zawo zimati "Salisbury, Zimbabwe". Onsewa ndi ana a mzinda umodzi.

Chimene chinasokoneza n'chakuti mndandanda wa mizinda umene umatsika pa fomu za pa intaneti umakhala ndi maina a lero okha. Lero Salisbury ili m'chigawo cha Wiltshire ku England, ina ili ku Maryland, ina ku North Carolina m'dziko la America, inanso ili kumpoto kwa mzinda wa Adelaide ku Australia. Yathu ino mulibe. Munthu akalemba zilembo zinayi zoyamba, kompyuta imamuponyera ya ku England, iye n'kudina osaona dziko limene latsatira. Wounika fomu amafananitsa malo obadwira ndi a pa pasipoti. Akapeza kuti mukuti munabadwira ku United Kingdom pomwe pasipoti ikuti Harare, nkhani imasanduka ya unzika kapena ya bodza, ndipo kuimasula kumatenga nthawi yaitali kuposa kulemba fomu yatsopano.

Polemba, tsatirani pasipoti chifukwa ndi imene mudzayendere. Yambani kusankha dziko, Zimbabwe, kenako mulembe mzinda, Harare. Ngati fomuyo ili ndi bokosi la zoonjezera, ikanimo chiganizo chimodzi chachingelezi chonena kuti Salisbury ya pa satifiketi inasinthidwa kukhala Harare pa 18 April 1982. Musanalipire, uzani mnyamatayo asindikize fomu yonse pa pepala, muwerenge mzere ndi mzere pasipoti ili m'manja. Ngati inatumizidwa kale, lemberani ofesi imene inailandira, mutchule nambala ya fomu, funso limene linalakwika ndi yankho lolondola, tsiku lokaonekera lisanafike.

Satifiketi yakaleyo muisamale. Musafufute ndi tipeksi, musalembe "Harare" pamwamba ndi cholembera, musaimatenso m'pulasitiki yotentha ija, chifukwa chikalata chokhudzidwa chimakayikitsa kuposa chakale chong'ambika m'mbali. Chitani fotokope, mupite nayo limodzi ndi yeniyeniyo kwa Commissioner of Oaths, amene amapezeka ku polisi ndi kwa maloya, akadinde. Mukafuna yatsopano, pitani ku ofesi ya Civil Registry ku Makombe Building mutatenga chitupa ndi satifiketi yakale, ndipo muwerenge zimene alemba musanachoke pa kauntala.

Ndili Fomu 3. Aphunzitsi akuti Salisbury anali munthu, koma achimwene anga amene ali ku England akuti ndi tauni ya tchalitchi chachikulu. Akunena zoona ndani? Nanga Cecil Square anaitchula potengera Cecil Rhodes? Mtsikana wa ku Highfield

Mwanawe, onse awiri akunena zoona, koma tauni ndi imene inayamba. Anthu ake poyamba ankakhala paphiri lotchedwa Old Sarum, kenako anatsikira kuchigwa kumene anayamba kumanga tchalitchi chachikulu mu 1220 n'kuchipatulira mu 1258. Nsanja yake ndi yotalika mamita 123, ndipo palibe nsanja ya tchalitchi ina ku United Kingdom yoiposa. M'menemo amasungamo chimodzi mwa zikalata zinayi zoyambirira za Magna Carta, pangano lotchuka la malamulo a ku England la mu 1215, zimene zilipobe. Miyala yotchuka ya Stonehenge ili pafupifupi makilomita 13 kumpoto kwa tauniyi.

Munthu uja anabwera pambuyo pake kwambiri. Mabanja olemekezeka a ku England amapatsidwa dzina laulemu lochokera ku malo, ndipo wolowa m'malo amayamba kudziwika ndi dzinalo, monga mmene munthu akalowa ufumu kwathu timasiyira dzina lake lobadwa nalo n'kumamutchula ndi la ufumu. Dzina lenileni la munthu uja linali Robert Gascoyne-Cecil, Marquess wachitatu wa Salisbury. Anakhala nduna yaikulu ya Britain katatu: 1885 mpaka 1886, 1886 mpaka 1892, ndi 1895 mpaka 1902. Gulu la Pioneer Column la kampani ya Rhodes litafika pafupi ndi kaphiri ka Kopje pa 12 September 1890, linakweza mbendera mawa lake ndipo linatcha malowo Fort Salisbury polemekeza nduna imene inali pa mpando nthawi imeneyo. Motero mzinda uno unatengera munthu, munthuyo anatengera tauni.

Za Cecil Square, imene lero ndi Africa Unity Square, anthu ambiri amaphonya. Cecil wa Rhodes ndi dzina loyamba, pomwe Cecil wa bwaloli ndi dzina la banja la nduna ija. Banja lomwelo linasiyanso zizindikiro zina mumzinda muno: nyumba yawo yamakolo ndi Hatfield House ku Hertfordshire, ndipo mwana wolowa m'malo amatchedwa Viscount Cranborne. Ukamadutsa ku Hatfield ndi ku Cranborne popita ku bwalo la ndege, maina amenewa ndi omwewo. Koma usaganize kuti dzina lililonse linakoperedwa ku malo a ku England. Kuli chigwa chotchedwa Borrowdale ku Cumbria, komabe Borrowdale yathu inatengera Henry Borrow, mmodzi wa atsogoleri a Pioneer Column, amene anafa pankhondo ya ku Shangani mu 1893.

Kwa ife a ku Malawi nduna ija, Lord Salisbury, sitingaidumphe. Boma lake ndi limene linaopseza Portugal mu January 1890 kuti ichotse asilikali ake kudera la mtsinje wa Shire ndi ku Mashonaland, ndipo mu 1891 dziko lathu linalowa m'manja mwa Britain iye ali pa mpando. Dzina la Nyasaland linakhazikika mu 1907. Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, likulu linali Salisbury yomwe ino, ndiye agogo athu ankalamulidwa kuchokera mumzinda umene ankagwiramo ntchito ya m'nyumba za azungu ndi m'mafakitale. Iwo pocheza ankangoti "ku Halale", potengera lokeshoni ya Harari imene lero ndi Mbare. Pa mayeso, ukalemba Salisbury uzionetsa kuti ukunena za uti: Lord Salisbury, Fort Salisbury ya mu 1890, kapena tauni ya ku Wiltshire. Mamalikisi amathawira pamenepo.

Mchemwali wanga ananditumizira mankhwala ndi zovala kuchokera ku Johannesburg, koma katunduyo sanafike. Pa risiti analemba msewu wathu, kenako "Hatfield" basi. Talakwitsa pati? Bambo wa ku Hatfield

Bambo, Hatfield yoyandikira kwa wotumizayo ndi ya ku Pretoria. Wosankha katundu ku South Africa akaona dzinalo popanda mzinda ndi dziko, alibe chifukwa choganizira za Harare. Vuto lomwelo limagwera a ku Kensington ya mu Harare muno, dzina limene lilinso ku London, ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndiponso a ku Marlborough, imene ili ku Wiltshire ndi ku New Zealand.

Keyala yochokera kunja izikhala ndi mizere isanu: dzina la wolandira monga lilili pa chitupa, nambala ya nyumba ndi msewu, dera, HARARE, ndipo pansi penipeni ZIMBABWE m'zilembo zazikulu payokha. Onjezani foni yoyamba ndi +263. Zimbabwe sigwiritsa ntchito manambala a positi, ndiye fomu ikakakamiza kuti mulembepo, ikani ziro zokhazokha. Choopsa ndi kulola kompyuta kudzaza yokha. Ikaika 0083 ndiye kuti yasankha Pretoria, ikaika AL9 kapena AL10 ndiye kuti yapita ku Hertfordshire, ndipo makina osankha makalata amakhulupirira nambala kuposa mawu.

Pa katundu wasowayu, mchemwali wanu ndi amene ayambe kufunsa, chifukwa wolipira ndiye mwini risiti. Ngati anatumiza kudzera ku positi ofesi ndipo analembetsa, pa risiti pali nambala ya zilembo ndi manambala 13, yothera ndi zilembo ziwiri za dziko lotumiza, ZA. Apite nayo kumene anatumizirako apemphe kuti afufuze ndi kukonza keyala. Asachedwe, chifukwa katundu wosowa mwini sasungidwa mpaka kalekale.

Kodi Hastings ndi dzina la munthu kapena la malo? Tatsutsana ku tchalitchi. Mkulu wa mpingo, Mabvuku

Zonse ziwiri, Bambo. Hastings ndi tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Sussex, yodziwika ndi nkhondo ya mu 1066, ndipo ndi dzina la mabanja ena a ku Britain. Dr Kamuzu Banda analitenga kwa mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Mbiri yake nayonso ili ndi maina awiriawiri a dziko lino: ali mnyamata anagwira ntchito pa chipatala ku Hartley, lero Chegutu, ndipo mu 1959 anamutsekera ku Gwelo, lero Gweru, mpaka April 1960.

Malemu bambo athu anabwera kuno ndi Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ku Nyasaland kuti adzagwire ntchito kuno. Ku ntchito ankadziwika ndi dzina lachingelezi limene anawapatsa bwana, pa chitupa pali lina, kumudzi amawadziwa ndi lachitatu. Pa chikalata chakale boma lawo linalembedwa "Fort Johnston". Mdzukulu wawo wina anatchulidwanso dzina la agogo akewo, ndipo maofesi akusokoneza awiriwa. Tiyambire pati? Mwana woyamba, Dzivaresekwa

Pepani ndi imfa ya bambo. Nkhani yanu ili m'makomo ambiri a ife ana a matchona. Mabwana ndi makalaliki ankalemba dzina limene linawapepukira pakamwa, monga Wilson, Jackson kapena Stanley, ndipo nthawi zina dzina loyamba la bambo wa munthuyo linkasanduka dzina la banja, chiwongo n'kutayika.

Yambani ndi tebulo. Yalani zikalata zonse zimene zilipo: chitupa, khadi la ubatizo, setifiketi ya ukwati, mapepala a malipiro ndi a penshoni, chikalata cha imfa, khadi la nyumba la kukhonsolo. Pa pepala limodzi lembani dzina lililonse ndendende monga linalembedwera, ngakhale ndi zolakwika zake, pambali pake chaka ndi nambala ya chikalatacho. Chimene chimagwirizanitsa mapepalawa ndi nambala ya chitupa. Manambala awiri oyamba amasonyeza ofesi imene munthu analembetsera, 63 ndi ya Harare, ndipo awiri omaliza amasonyeza boma lochokera, pomwe ochokera kunja ambiri ali ndi 00. Agogo ndi mdzukulu angafanane maina onse, koma nambala ndi tsiku lobadwa sizingafanane. Kalata iliyonse yopita ku ofesi izikhala ndi zinthu ziwirizi pafupi ndi dzina.

Kenako lembani chikalata cholumbira chonena kuti maina atatuwo ndi a munthu mmodzi. Mutchule dzina lililonse, chikalata chimene likupezekapo, nambala ya chitupa, tsiku lobadwa ndi la imfa. Wolumbira akhale wowadziwa kwa nthawi yaitali, monga mayi ngati alipo, mbale wawo kapena mnzawo wa ku ntchito, ndipo asainire pamaso pa Commissioner of Oaths, osati kunyumba. Ambiri amabwezedwa chifukwa choiwala dzina limodzi, kapena chifukwa cholikonza kalembedwe kuti lioneke bwino. Ngati kalaliki analemba "Piri", inunso lembani "Piri" ndipo muonjeze kuti ndi Phiri yemweyo.

Fort Johnston ndi Mangochi. Ena mudzapeza Port Herald, ndiyo Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa, Kota Kota ndi Nkhotakota, Cholo ndi Thyolo, ndipo Fort Jameson ndi Chipata ya ku Zambia. Boma lokha silikwanira kupeza abale. Mufunika dzina la mudzi, la nyakwawa, la mfumu yaikulu ndi chiwongo, komanso dzina la kumudzi lija, chifukwa mukakafunsa ndi la ku ntchito palibe adzawadziwe. Afunseni achikulire a kumpingo, kumzikiti kapena a bungwe la maliro limene bambo ankasonkhako akadali moyo, poti mabuku a mabungwe amenewa kawirikawiri amalemba mudzi wa membala. Zolembedwa zakale za boma zimasungidwa ku National Archives of Zimbabwe pa Borrowdale Road, ndipo za ku Nyasaland zili ku Zomba.

Onaninso zitupa zanu ana. Ngati panalembedwa "Alien", gawo 43 la malamulo aakulu a dziko a mu 2013 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo munthuyo ankakhala m'dziko muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Tengani satifiketi yanu yobadwira, chitupa chanu, chikalata cha bambo chosonyeza kumene anachokera ndi chikalata cholumbira chija, mupite nazo ku Civil Registry kukasinthitsa.