Dzino likupweteka muli ndi pakati, mudikire mpaka muchire?

Mayi wina wandilembera imelo kuti ali ndi pakati pa miyezi 5, nkhama zikutuluka magazi akamatsuka mano, dzino lamkati likuwasowetsa tulo koma apongozi akuti asayerekeze kukazulitsa mpaka achire, ati jakisoni wake amavulaza mwana. Achemwali, funso lanu landifika pamtima chifukwa ine zimenezi ndinadutsamo pa mimba yanga yachiwiri.

Langa linayamba ngati kunyerenyetsa ndikamwa madzi ozizira, kenako usiku linkachita kugunda mpaka kukhutu. Ndinkakhala pamphasa nditagwira tsaya, mchere mkamwa, adyo pa dzino, azakhali anandibweretseranso timizu tina totafuna, olo kusintha. Nsima ndinasiya, ndinkangomwa phala ndi tiyi wa shuga wambiri, munthu woti ndikudyera anthu awiri. Ndipo mwezi ndi mwezi ndinkapita kusikelo! Amandiyeza BP, kundikweza pasikelo, tepi pamimba, kumvetsera mtima wa mwana, Fansidar ndimwe pompo, mapilisi owonjezera magazi, neti anandipatsa. Koma panalibe amene anati mayi tayasamulani tione. Tsaya litatupa mpaka diso kuchepa mpamene mzamba wina wachikulire anandiyang'ana nkunena kuti mayi mukudikira chani, analemba mukabuku kanga nkunditumiza kwa a mano tsiku lomwelo. Anazula, mwana anabadwa bwinobwino.

Anamwino athu ndimawamvetsa, mzere umafika panja iwo ali awiri okha, komabe apa ndiye sindigonja, mkamwa ndi mbali ya thupi la mayi woyembekezera ndipo kufunsa kuti nkhama zili bwanji sikutenga ndi mphindi yomwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti mayi azionedwa ka 8 pa mimba imodzi, ndiye maulendo onsewo osatchulako za mano? Pa maphunziro a m'mawa aja timaimba nyimbo za kulera ndi kuyamwitsa, bwanji osaikapo kuti mahomoni a mimba amafewetsa nkhama nkumatupa ndi kutuluka magazi, ndipo mankhwala ake ndi kupitiriza kutsuka bwino osati kusiya? Amayi ambiri akaona magazi pa mswachi amasiyiratu, zinthu nkumaipiraipira.

Komanso zija amati mwana aliyense amatenga dzino limodzi la mayi ake, ayi ndithu. Mwana kashiamu, uja amalimbitsa mafupa ndi mano, amamupeza ku zimene mukudya monga usipa, matemba, mkaka ndi masamba, akachepa thupi limatapa m'mafupa osati m'mano. Chimene chimadya mano ndi asidi wa masanzi, maswiti ndi Sobo tsiku lonse, kuphatikiza dothi lija timagula pamsika lomwe limapala mano. Madokotala a mano nawonso ngochepa kwathu kuno, digiri yake inangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, kotero kusikelo nkomwe mayi wakumudzi angamve uthengawu.

Ndiye mupange chani

Pitani kwa a mano sabata ino, pa chipatala cha boma amapezeka, muwauze miyezi ya mimba yanu. Kumata kapena kuzula dzino kumatheka muli ndi pakati, jakisoni wa dzanzi uja alibe vuto kwa mwana, ndipo miyezi 4 mpaka 6 ndi nthawi yabwino chifukwa mumatha kugona pampando paja osabanika. Mafinya okhala m'dzino ndi amene ali oopsa. Podikira imwani Panado, Brufen ayi, doxycycline ndi tetracycline ayinso chifukwa amadetsa mano a mwana. Tsukani kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, mukasanza chukuchani ndi madzi kaye, mswachi ubwere pakatha theka la ola. Tsaya likatupa kapena thupi kutentha musadikire kuche. Apongoziwo atengeni akuperekezeni akamve okha kwa adokotala.